Chigayo cha Nangondo ndi Mpando wa Woweruza Wachitatu

Mu ufumu wa Tikuganizirani munali lamulo lakale loti Bwalo Lalikulu la milandu lizikhala ndi oweruza atatu. Amene anakonza lamulolo ankawadziwa bwino anthu akwawo. Ankadziwa kuti amuna awiri ophunzira ukawakhazika pamodzi sangagwirizane ngakhale pa funso loti kunja kwacha kapena ayi, ndiye pamafunika wachitatu woti azithetsa mkangano.

Awiriwo anali a Kaphwiti ndi a Chimtengo. Anadana kalekale, akadali maloya achinyamata, chifukwa cha mthunzi wa mtengo wa mango umene aliyense ankafuna kuimikapo galimoto yake. Mtengowo unadulidwa, chidani chinatsala. A Kaphwiti akati wodandaula akunena zoona, a Chimtengo ankati akunama, asanatsegule n'komwe failo ya mlanduwo. Wachitatu anali a Gonani, munthu wamtendere, amene ankagona mlandu ukamayamba n'kudzuka ukamatha, kenako n'kugwirizana ndi amene wayankhula pomalizira. Chilungamo cha mu Tikuganizirani chinkayenda motero, ndipo chinkayenda ndithu.

Tsiku lina a Gonani sanadzuke. Zinadziwika patadutsa milandu iwiri, poti kusiyana kwake sikunali kwakukulu.

Kuyambira pamenepo mlandu uliwonse wofika ku Bwalo Lalikulu unkathera pamodzimodzi: wina wati inde, wina wati ayi, mudzabwerenso woweruza wachitatu akapezeka. Anthu analipatsa bwalolo dzina loti Bweraninso.

Mmodzi mwa anthu obweranso anali Velonika Nangondo wa ku Pirirani, katauni ka msika umodzi ndi chigayo chimodzi. Chigayocho anagula iye ndi mwamuna wake Witinesi, atagulitsa mbuzi zonse za m'khola, fodya wa zaka zingapo ndiponso makina osokera amene Nangondo anabwera nawo m'banjamo. Koma chigayo chimakhala ndi mwini mmodzi pogula, ndi eni khumi mwiniyo akatsikira kuli chete. Witinesi atamwalira, anthu asanabweze n'komwe mipando yobwereka pamaliro, mkulu wake, a Bizaliele, analengeza kuti chigayo ndi cha kubanja kwawo, poti malemu anawauza choncho. Atafunsidwa kuti anawauza liti, anati kumaloto, atangoikidwa kumene.

Khoti laling'ono linaseka n'kupereka chigayo kwa Nangondo ndi ana ake. A Bizaliele anachita apilo. Malamulo a ufumuwo ankati katundu wolimbirana azitsekedwa mpaka Bwalo Lalikulu litagamula, ndiye kunabwera mesenjala wa khoti ndi loko wamkulu ngati mutu wa mbuzi, n'kukhoma chitseko.

Vuto linali denga. Pamwamba penipeni pa injini panali lata lobooka, limene Witinesi ankangoti akonza mawa, monga amachitira amuna onse a mu Tikuganizirani. Dzinja loyamba Nangondo ankapita kukasuzumira pamng'alu wa chitseko n'kumaona madzi akudontha pachitsulo. Makaniko amene ankachikonza kale anasuzumira naye, n'kumuuza mosabisa kuti injiniyo ikhoza kupirira dzinja limodzi, koma lachiwiri likadzaipeza chomwecho idzangoyenera kupita kwa ogula zitsulo zakutha. Nangondo anapempha mesenjala kuti amulole kukwera padenga akamate bowolo ndi phula. Mesenjala anati denga nalonso ndi katundu wolimbirana, kulikhudza n'kunyoza khoti. Nangondo anakwera basi kupita kumzinda kukapempha Bwalo Lalikulu lenilenilo. A Kaphwiti anati amate. A Chimtengo anati asamate. Anamuuza kuti abwerenso.

Sikuti zinali ku Pirirani kokha. Eni zigayo amamwalira kulikonse, ndipo kulikonse amasiya abale olota. Pofika chaka chachiwiri zigayo zokhomedwa ndi khoti zinali zambiri kuposa zolira, ndipo zolirazo zinali kutali. Amayi anakatulutsa mitondo kuseri kwa nyumba, mmene nkhuku zinkaikira mazira. Atsikana obadwa zigayo zilipo anadziwa koyamba kuti chimanga n'cholimba. Nangondo, mwini chigayo, anayamba maganyu okonola chimanga cha aphunzitsi kuti ana ake asasiye sukulu.

Ndipo mtondo subwera wokha, umabwera ndi nyimbo. Kuyambira makedzana, mayi amene sangathe kuwauza mawu pamaso amuna ake kapena apongozi ake amawaika m'nyimbo ya pamtondo, mudzi wonse n'kumva, popanda womuimba mlandu, poti amangoti akupepuza ntchito. Ku Pirirani wopeka nyimbo anali Gelita, wogulitsa usipa pamsika, mayi wa mawu okhoza kuwoloka mtsinje. Anayamba ndi a Bizaliele. Amene ankavomera mokweza kuposa onse anali Naliyera, mkazi wa a Bizaliele omwewo, amene matuza anamutuluka ofanana ndi a anzake. Atamufunsa ngati sakuopa, anati amuna ake analota chigayo, koma sanalote ufa.

Kumzinda nkhani inali ina. Malamulo ankati woweruza watsopano amatchulidwa ndi Mfumu Khalapompo Wachitatu, pomvera Nduna Yaikulu, kenako Nyumba ya Aphungu ivomereze, aphungu awiri mwa atatu alionse atakweza manja. Nyumbayo inali yogawika pafupifupi pakati. Mbali imodzi kunali chipani cholamula cha Ambulera, cha Olemekezeka Dyeratu, amene anali Nduna Yaikulu komanso phungu wa ku Pirirani komweko. Mbali inayo kunali chipani cha Wilibala, cha Olemekezeka Chikhalaine, phungu wa kutsidya kwa mtsinje, ku Zatikwana.

A Dyeratu anapereka dzina la mlamu wawo, munthu amene anaphunzira malamulo kudzera papositi ndipo maphunziro ena anasochera panjira. A Wilibala anati ufumu si dimba la banja limodzi, natuluka m'Nyumba akuimba, n'kubwereranso nthawi ya tiyi. Kenako a Chikhalaine anati pofuna mtendere akupereka dzina la munthu wosakondera, limene linapezeka kuti ndi la atsibweni awo. A Ambulera anamenya matebulo mpaka Sipikala anabisala kunsi kwa lake. Miyezi inatha choncho. Aliyense ankadziwa chimene ankalimbirana. Wokhala pampando wachitatu ndiye adzagamule milandu ya chisankho, ya feteleza wosowa, ndi ya misewu imene inatsegulidwa ndi mwambo waukulu koma palibe anaiona.

Mfumu Khalapompo siinkakonda kudzutsidwa masana. Itauzidwa kuti Bwalo lilibe woweruza wachitatu, inafunsa ngati mpando wake ulipo. Anaiuza kuti ulipo. Inatulutsa lamulo lachifumu loti mpandowo uvekedwe mkanjo wofiira ndi tsitsi loyera la oweruza, uzitchedwa Olemekezeka, ndipo anthu aziimirira ukamalowetsedwa m'bwalo. Alengezi anayenda ndi zimkuzamawu m'misika yonse kunena kuti vuto la oweruza latha. Gelita atamva anati sakuonapo cholakwika, mpandowo ukugwira ntchito ya a Gonani bwinobwino, kungoti suliza mkonono.

Kenako chisankho chinayandikira, ndipo andale anakumbukira kuti m'dziko muli amayi. Mu Tikuganizirani amuna ndi amene amakangana za ndale pabawo ndi m'malo omwera, koma tsiku lovota akaona kutalika kwa mzere amati abwera dzuwa likapepa, ndipo saoneka. Oima pamzere, mwana kumsana, ndi amayi. Ndiye zipani zonse ziwiri zinafuna kudziwa kuti mkangano wa woweruza ukuwakhudza bwanji amayiwo. Zowafunsa eni ake sizinabwere m'mutu mwa aliyense. Anaitana katswiri.

Katswiriyo anali Dokotala Mlongoti, amene ankatamandidwa kuti amadziwa maganizo a amayi, poti anakwatirapo kanayi ndipo mkazi aliyense anamuuza maganizo ake onse asanalongedze katundu. M'mawa ankalangiza a Ambulera, masana a Wilibala, ndipo chipani chilichonse chinkakhulupirira kuti kwinako amangopita kukachita ukazitape.

Anafika ku Pirirani amayi akusinja pansi pa mkuyu, kuseri kwa msika. Anatsika m'galimoto, anayang'ana fumbi, anayang'ana nsapato zake, n'kuima chapatali. Anati watumidwa kudzamva zofuna za amayi pankhani yaikulu ya woweruza. Kodi akufuna wokhwimitsa chilango kapena wachifundo? Wotsata miyambo kapena wamakono? Nangondo anaika munsi pansi n'kunena kuti akufuna aliyense wopuma mpweya, bola chigayo chitsegulidwe mvula isanagwe. Dokotala anamwetulira, nati zimenezo n'zazing'ono, iye akufunsa za mfundo zikuluzikulu.

"Bwana," anatero Gelita, "tagwirani munsiwu pang'ono, mutiyezere kuchepa kwake."

Dokotala anati ali ndi vuto la phewa. Amayi anapitiriza kusinja, Gelita akutsogolera nyimbo, ndipo iye anatulutsa foni n'kuyamba kujambula.

A Dyeratu ee, dzagwireni munsi,
manja anu ngofewa ngati papaya.
Mpando wa woweruza mwausungira mlamu wanu.
Tonse tikutupa, bambo:
ife matuza, inu mimba.

Minsi inagunda kangapo, ndipo Naliyera analandira ndime yachiwiri.

A Chikhalaine ee, mwakana, mwakananso,
ngakhale madzi akumwa mudzawakana.
Mukadzalowa m'boma mudzatipeza kuti?
Tidzakhala titathera mumtondo.

Dokotala Mlongoti anamva ndime zonse ziwiri bwinobwino. Koma anali atagwira ntchito ndi akuluakulu nthawi yaitali, ndipo ankadziwa kuti bwana saitananso munthu womubweretsera nyimbo yomunyoza. M'mawa mwake anakawaikira a Dyeratu ndime ya a Chikhalaine yokha. A Dyeratu anaseka mpaka misozi, anaitanitsa nduna zonse kuti zimve nawo, n'kugamula kuti amayi ali mbali yawo, choncho asagonje. Masana a Chikhalaine anamva ndime ya a Dyeratu, anavina pang'ono mu ofesi, n'kugamula chimodzimodzi. Onse awiri anaona kuti mkanganowo ukamatalika mavoti a amayi akuchuluka, ndipo anaupatsa moto.

Nzeru yotsatira inachokeranso kwa Dokotala. Anauza a Dyeratu kuti apereke dzina la munthu wamkazi. A Wilibala akamukana, amayi adzawada, ndipo chisankho chikadutsa mlamu uja adzabwereranso. Masana anauza a Chikhalaine kuti mkaziyo amupanikize ndi mafunso mpaka aoneke kuti ndi chidole cha boma. Wosankhidwayo anali Mayi Rozina Chipwaila, woweruza wa khoti laling'ono la kumapiri, amene anamutumiza kutali choncho chifukwa ankamaliza milandu msanga, zomwe zinkachititsa manyazi anzake.

Tsiku lowafunsa mafunso zonse zinaulutsidwa pawailesi. Ku Pirirani wailesi anaikoleka pamsomali pa benchi ya usipa ya Gelita, ndipo msika unaima. Phungu woyamba anafunsa ngati bambo akunyumba alola kuti agwire ntchitoyi. Mayi Chipwaila anati sali pabanja. M'Nyumba munamveka kung'ung'udza ngati aulula kuti amauluka palichero. Wina anafunsa kuti nanga amaphikira ndani. Wina anafuna kudziwa ngati tsitsi loyera la oweruza lingakhazikike pamwamba pa tsitsi loluka. Wina wa Ambulera, amene ankayenera kuwateteza, anati iye akuwavomereza poti ndi ooneka bwino, ndipo Bwalo lakhala losasangalatsa kuliyang'ana kwa nthawi yaitali. Za malamulo panalibe anafunsa.

Pomaliza anaimirira a Chikhalaine eni ake.

"Mayi, inu simunakhalepo pabanja. Mudzaweruza bwanji milandu ya mabanja ndi ya chuma cha masiye, zinthu zimene simunazilawe?"

"Olemekezeka," anayankha Mayi Chipwaila, "ndakhala ndikuweruza milandu ya akuba zaka zambiri, koma sindinabepo. Ngati pakufunika wozilawa, musavutike kukafuna kunja. Sankhani mwa inu nokha muno."

Wailesi inakhala chete mpaka Gelita anaimenya poganiza kuti mabatire atha. Kenako Sipikala anaitanitsa voti. Kwa nthawi yoyamba chiikireni maziko a Nyumbayo, aphungu onse anagwirizana pa chinthu chimodzi. Palibe dzanja limene linakwera.

Madzulo ake chipani chilichonse chinalengeza kuti chinzake chanyoza amayi a dziko lino, ndipo sabata yomweyo malole anafika m'midzi kudzagawa nsalu. Amayi analandira za zipani zonse ziwiri mwaulemu. Nsalu ya chipani ndi yabwino poyanika ufa.

Pasanapite nthawi kunagwa chizimalupsa, kamvula kaja kochenjeza kuti dzinja lili panjira. Nangondo anathamangira kuchigayo, anaika khutu pachitseko, n'kumva madzi akudontha pachitsulo. Anabwerera pansi pa mkuyu, anatenga munsi n'kulowa mtondo umodzi ndi Naliyera.

Amayi ankakambirana za voti. Ambiri anati basi, a Dyeratu achoke, avotera Wilibala. Gelita anati zimenezo n'zopanda phindu, poti mng'ono wake wokwatiwa ku Zatikwana wamuuza kuti amayi akumeneko atopa ndi a Chikhalaine ndipo avotera Ambulera. Kuno akuchotsa ambulera, uko akuibweza, phokoso lidzakhala lomwelo. Wina anati ndi bwino kungokhala panyumba tsikulo. Wina anati atumize uthenga kutsidya kuti onse agwirizane pa chipani chimodzi, koma atafunsidwa kuti chiti, anayang'ana mumtondo.

"Asiyeni akutsidya, akuchita bwino," anatero Nangondo, osasiya kusinja. Anatembenukira kwa Naliyera. "Achemwali, taonani mmene tikusinjira ine ndi inu. Wanu ukakwera, wanga ukutsika. Amene anawakana mayi aja si ambulera kapena wilibala. Ndi anthu, aliyense ali ndi dzina ndi kwawo. Ali m'Nyumba atuluke, ali panja alowe. Nsalu yake tisayang'ane."

Naliyera anafunsa kuti nanga olowawo akadzakhala chimodzimodzi. Nangondo anati adzakhala ataona mmene anzawo atulukira.

Gelita anatsitsa munsi kawiri kufuna mayendedwe ake, n'kuyamba.

Uli pamwamba utsike,
uli pansi ukwere.
Ali m'Nyumba atuluke,
ali panja alowe.
Ambulera, Wilibala,
tisafunse nsalu yake.

Nyimboyo inayenda popanda wailesi. Inakwera minibasi, inaima pamijigo, inadikira nawo pamzere kusikelo ya ana, inaphika nawo pamaliro. Pofika kumapiri inali itaonjezera ndime za maina a aphungu akumeneko, ena ndi maina a zibwenzi zawo zomwe.

Dokotala Mlongoti anaimva n'kuijambula m'foni, ndipo anaimvetsa kuposa aliyense. Anakhala nayo m'galimoto nthawi yaitali akuganiza kuti aipereke kwa ndani. Bwana wa m'mawa sakanaikonda, wa masana sakanaikondanso. Anaifufuta m'foni n'kukawauza onse awiri kuti zinthu zili bwino.

A Dyeratu anabwera ku Pirirani kudzachititsa msonkhano, nsanja yawo itamangidwa kutsogolo kwa chigayo chotsekedwacho, poti khoma lake linali labwino kumatapo zithunzi. Anati iwo anabadwa kwa mayi, anayamwa kwa mayi, ndipo palibe munthu m'dziko muno wokonda amayi kuposa iwo. Anati amva kulira kwa amayi, ndipo akapambana adzakhazikitsa Unduna wa Mitondo n'kuitanitsa kunja minsi yopepuka. Tsiku lotsatira a Chikhalaine anayankha ali kutsidya kuti minsi yopepuka ndi chipongwe kwa amayi olimba a dziko lino, iwo adzagawa yolemera kuti ntchito izitha msanga. Konse kuwiri amayi anaimba nthungululu n'kuvina monga mwa nthawi zonse, ngakhale manja sankakwera kwambiri.

Zotsatira za chisankho zitatuluka, owerenga mavoti anabwereza poganiza kuti alakwitsa. Kulikonse kumene kunali phungu wa Ambulera kunapambana wa Wilibala, ndipo kulikonse kumene kunali wa Wilibala kunapambana wa Ambulera. Nyumba inali yogawikabe pafupifupi pakati monga kale, koma munalibe nkhope yakale ngakhale imodzi. A Dyeratu anagwa kwa mphunzitsi wopuma ntchito amene chipani chake chinamuimika pongofuna kudzaza malo. A Chikhalaine anagwa kwa wometa tsitsi. Onse awiri anati aberedwa, ndipo anathamangira ku Bwalo Lalikulu. A Kaphwiti anati aberedwadi, a Chimtengo anati sanaberedwe, ndipo Olemekezeka Mpando sananene kanthu. Anawauza kuti abwerenso.

Dokotala Mlongoti anafotokoza pawailesi kuti chisankhochi chaonetsa poyera kuti amayi sakhala ndi maganizo amodzi. Theka lavotera uku, theka uko, ndiye nkhani ya woweruza sinasinthe kanthu. Akatswiri anzake anavomereza.

Aphungu atsopano sanamukhulupirire. Ambiri a iwo anali atadya ufa wosinjidwa pamanja nthawi yonseyi, ndipo nyimbo ija ankaidziwa, poti inkaimbidwa kuseri kwa nyumba zawo. Tsiku loyamba, asanasonyezedwe n'komwe kumene kuli zimbudzi ndi kumene amamwera tiyi, anatumiza nthumwi kunyumba yachifumu kukapempha dzina la Mayi Chipwaila. Mfumu inafunsa ngati ikavomera aisiya igone. Anati inde. M'Nyumba manja onse anakwera, ena awiriawiri.

Mlandu wa chigayo unatenga nthawi yochepa kuposa imene amesenjala anatenga pouvula mpando mkanjo. A Kaphwiti anati chigayo ndi cha a Bizaliele. A Chimtengo, mosachedwa, anati ndi cha Nangondo. Mayi Chipwaila anawerenga lamulo la chuma cha masiye, limene linali lomveka kuyambira kale koma linkasowa munthu wachitatu woliwerenga. Anati chigayo ndi cha mkazi ndi ana a malemu, ndipo maloto a Bizaliele akhale awo.

Loko anamuchotsa mitambo itada kale. Nangondo sanayambe ndi injini. Anabwereka makwerero, anakwera yekha padenga ndi lata latsopano, n'kukhoma amayi akumugwirira pansi. Injini inali itachita dzimbiri mbali imodzi. Makaniko anaimasula, anaipukuta, anaitukwana, ndipo patapita masiku angapo inatsokomola utsi wakuda n'kuyamba kulira. Mvula inagwa madzulo omwewo. Woyamba pamzere ndi thumba lake anali Naliyera.

M'dziko lonse zigayo zinatsegulidwa, mitondo inabwerera kwa nkhuku, ndipo nyimbo zinaleka, poti pachigayo munthu sumva ngakhale mawu ako omwe. Apa ndi pamene andale anazindikira ubwino wa phokoso limenelo. Nyumba inakhazikitsa lamulo, popanda wotsutsa, loti chigayo chisadzatsekedwenso ndi khoti, zivute zitani. Phungu aliyense anauza anthu ake kuti akangomva chigayo chazima kudera kwake amuimbire foni nthawi yomweyo, ngakhale ali m'tchalitchi.

Tsiku lina masana, anthu atakolola kale, chigayo cha ku Pirirani chinazima. Pasanapite nthawi fumbi linaoneka pamsewu. Woyamba kufika anali phungu wa Wilibala, mphunzitsi wopuma uja, ali ndi makaniko ndi lamba watsopano. Pambuyo pake panafika wa Ambulera wa ku Zatikwana, wometa tsitsi uja, amene anamva bata ali kutsidya, atanyamula yekha chigubu cha dizilo. Anapeza amayi atakhala pamatumba awo pamthunzi, ndipo Nangondo atakhala pakhomo la chigayo akusenda mbatata yophika.

Phungu wa Wilibala anavula chipewa. "Mayi, chavuta n'chiyani? Lamba kapena dizilo? Tikanene chiyani kumzinda?"

"Palibe chavuta, Olemekezeka. Ndikudya."

Aphungu awiriwo anayang'anana. Wa Ambulera anafunsa motsitsa mawu ngati atenge nthawi yaitali. Nangondo anati zitengera mbatata. Chapatali, pamthunzi, Gelita anakonza kukhosi.

Anaima pomwepo padzuwa, wina ndi lamba, wina ndi chigubu, mpaka Nangondo anamaliza kudya n'kusamba m'manja.